Tifunseni za Mbiri: General Oliver Howard pa Nkhondo, pa Malo ndi pa Sukulu

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za General Oliver Otis Howard wa ku America, amene anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo kuyambira 1861 mpaka 1865, ali ku mbali ya boma polimbana ndi zigawo za kummwera zimene zinaukira, kenako n'kupatsidwa ntchito yoyang'anira anthu amene anali atangomasulidwa ku ukapolo. Tasankhapo asanu ndi limodzi.

Mwana wanga wapeza malo pa Howard University ku Washington. Ndimamva kuti ndi sukulu ya anthu akuda. Kodi Howard mwini dzinali anali wakuda? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Ayi mayi, anali mzungu. Anabadwa pa 8 November 1830 ku Leeds m'chigawo cha Maine, kumpoto kwenikweni kwa America. Anaphunzira ku Bowdoin College, kenako ku sukulu ya asilikali ya West Point kumene anamaliza mu 1854 ali nambala 4 m'kalasi ya anthu 46. Atagwira ntchito kosungira zida komanso ku Florida, anabwerera ku West Point kukaphunzitsa masamu. Ku Florida kuja n'kumene anatembenuka mtima, ndipo mowa ndi kutukwana ankadana nazo, moti anzake ankamutchula kuti mkulu wa asilikali wachikhristu, ena momulemekeza, ena momunyoza.

Sukulu imene mwana wanu akupitayo inavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo pa 2 March 1867. Anaiyambitsa ndi anthu a mpingo wa First Congregational ku Washington, umene Howard ankapempherako, ndipo iye anaitsogolera kuyambira 1869. Chiyambire inkalandira aliyense, mwamuna kapena mkazi, wakuda kapena mzungu. Thurgood Marshall, woweruza wakuda woyamba m'khoti lalikulu la America, anaphunzira zamalamulo kumeneko. Nnamdi Azikiwe, pulezidenti woyamba wa Nigeria, anadzerakonso, ndipo Kamala Harris, amene anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa America, anamaliza kumeneko mu 1986.

Pa zithunzi ndimamuona alibe mkono wamanja. N'chifukwa chiyani madokotala a nthawi imeneyo ankafulumira kudula ziwalo? — Namwino, Mzuzu

Anamwino, vuto linali chipolopolo chake. Mfuti za nthawiyo zinkaponya chipolopolo cha mtovu wofewa, chachikulu pafupifupi mamilimita 15 m'mimba mwake, cholemera magalamu pafupifupi 30. Chikagunda fupa chinkaphwatalala n'kuliphwanya zidutswazidutswa, uku chitalowetsa m'balamo nsanza za yunifolomu ndi dothi. Mankhwala opha tizilombo kunalibe, ndipo nkhani yoti mafinya amayamba ndi tizilombo madokotala anali asanaivomereze. Dokotala ankapisa chala m'bala la uyu n'kupita kwa wina osasamba. Fupa lophwanyika likasiyidwa, bala linkaola ndipo magazi ankalowa poizoni.

N'chifukwa chake lamulo linali lodula pasanathe masiku awiri. Wodwala ankamununkhitsa chloroform pa kansalu, kumanga mkono mwamphamvu kumtunda kuti magazi asatayike, kucheka khungu ndi mnofu, kudula fupa ndi sowo, kumanga mitsempha ndi ulusi wa silika, kupala nsonga ya fupa kuti isabaye, kenako kuphimba ndi khungu n'kusiya kampata kotulukira madzi. Dokotala wozolowera ankamaliza m'mphindi 15 kapena kucheperapo. Mwa odulidwa anayi alionse, pafupifupi mmodzi ankamwalira, ndipo mwa odulidwa pantchafu ankafa oposa theka. Ochedwa kudulidwa ankafa ambiri kuposa odulidwa msanga.

Howard anawomberedwa kawiri pa mkono womwewo pa 1 June 1862 pa nkhondo ya Fair Oaks pafupi ndi Richmond, ndipo chipolopolo chachiwiri chinaphwanya chigongono. Anamudula pamwamba pa chigongonopo. Pasanathe miyezi itatu anali atabwerera ku nkhondo, ataphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere.

Ndinagwira ntchito ya usilikali zaka zambiri. Ndamva kuti gulu la Howard linathawa ku Chancellorsville. Analakwitsa pati, nanga zinatheka bwanji kuti munthu wotere akwezedwenso? — Msilikali wopuma, Zomba

Bambo, inu muimva msanga nkhaniyi chifukwa cholakwa chake ndi chija amachenjeza msilikali aliyense akangoyamba maphunziro: mapeto a mzere asamakhale pamtetete.

Tiyambe ndi kakonzedwe ka magulu. Regiment inkayenera kukhala ndi anthu 1,000, ngakhale kuti pofika 1863 yambiri inkatsala ndi 300 kapena 400. Ma regiment anayi kapena asanu ankapanga brigade, ma brigade awiri kapena atatu division, ndipo ma division atatu ankapanga corps. Mu April 1863 Howard anapatsidwa XI Corps, ya anthu pafupifupi 12,000. Ambiri anali ochokera ku Germany ndipo ankakonda mtsogoleri wawo wakale, Franz Sigel. Howard anabwera ndi timapepala ta uthenga wabwino ndi malamulo okhwima, ndipo iye ndi anthu ake sanamvane chiyambire.

Pa 2 May 1863 gululi linali kumapeto a kudzanja lamanja kwa asilikali onse a Joseph Hooker, bwana wake wa Howard, litandanda m'mbali mwa msewu, mfuti zitaloza kummwera. Kumadzulo, kumene mzere unkathera, kunalibe mtsinje, phiri kapena dambo lotchinga. Kunali nkhalango yowirira imene Howard ankaganiza kuti gulu lalikulu silingadutsemo. Kumeneko anaikako ma regiment awiri okha ndi mizinga iwiri.

Cha m'ma 9:30 m'mawa Hooker anamutumizira uthenga woti adani akuoneka akulowera kumanja, akonzeke. Howard anayankha kuti akuchitapo kanthu, koma mzere sanautembenuze. Carl Schurz, mmodzi wa akuluakulu ake, anapempha kuti gulu liyang'ane kumadzulo, iye anakana. Masana alonda anabwera kangapo kudzanena kuti m'nkhalango mwadzaza anthu, koma akuluakulu anawatenga ngati amantha. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Choipitsitsa, brigade ya Francis Barlow, imene inali yosungira pambuyo, inatumizidwa kukathandiza gulu lina, ndipo Howard mwini anaiperekeza.

Nthawi yonseyi Stonewall Jackson, mmodzi wa akuluakulu a adani, anali akuzungulira ndi anthu pafupifupi 28,000, ulendo wa makilomita 19. Itangodutsa 5 koloko madzulo, asilikali a Howard akuphika chakudya mfuti zitaunjikidwa, anangoona agwape ndi akalulu akutuluka m'tchire mothamanga, pambuyo pake mzere wa adani wotalika makilomita atatu. Gulu lowomberedwa chammbali silingabweze moto, chifukwa amene angawombere ndi ochepa okha a kumapeto, otsalawo atchingidwa ndi anzawo. Regiment iliyonse inkafuna kutembenuka uku othawa akuigwera. XI Corps inataya anthu pafupifupi 2,400. Manyuzipepala anaimba mlandu Ajeremani kuti ndi amantha, koma ife tikuti mlandu waukulu unali wa mtsogoleri amene anachenjezedwa kwa maola asanu ndi awiri. Kulimba mtima anali nako, pakuti anaonedwa ali pa hatchi atapanira mbendera pa chitsa cha mkono wake kuyesa kuimitsa othawa, koma nthawi yokonza zinthu inali itadutsa m'mawa.

Ku Gettysburg pa 1 July gulu lake linathamangitsidwanso kudutsa m'tauni. Koma tsiku limenelo anachita chinthu chanzeru: anasiya division imodzi ndi mizinga pa chitunda cha Cemetery Hill, ndipo pamenepo ndi pamene othawa anasonkhana n'kumanga mzere umene unapambana pa 3 July.

Kukwezedwa kwake kunabwera atamusamutsira kumadzulo, pansi pa William Sherman. James McPherson, mtsogoleri wa gulu lalikulu lotchedwa Army of the Tennessee, ataphedwa pafupi ndi Atlanta pa 22 July 1864, Sherman anasankha Howard kulowa m'malo mwake, kusiya John Logan amene anali wandale komanso Hooker amene anakwiya n'kutula pansi udindo. Sherman ankafuna munthu wophunzira ku West Point, wodziwa kuyendetsa chakudya ndi zida, wosakangana ndi mabwana ake. Pa 28 July, ku Ezra Church, Howard anamva kulira kwa mfuti n'kuuza Sherman kuti adani akubwera, Sherman osakhulupirira. Ulendo uno sanadikire. Analamula anthu ake kuunjika zipika, mitengo ya mpanda ngakhale mabenchi a m'tchalitchi. Adani anataya anthu pafupifupi 3,000, iye osafika 700. Kenako anatsogolera theka la asilikali 60,000 amene anayenda kuchoka ku Atlanta pa 15 November kukafika ku Savannah pa 21 December, akuzula njanji ndi kulanda chakudya m'minda.

Ophunzira anga amafunsa za lonjezo la maekala 40 kwa akapolo omasulidwa. Linalipodi? Linathera pati? — Mphunzitsi wa mbiri, Dedza

Aphunzitsi, lonjezolo linalipo, ndipo linalembedwa kawiri.

Koyamba ndi pa 16 January 1865, pamene Sherman anatulutsa Special Field Order No. 15. Lamuloli linapatula zilumba ndi malo a m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku Charleston kutsika mpaka kumpoto kwa Florida, kuti banja lililonse lilandire maekala osapitirira 40. Anthu pafupifupi 40,000 anakhazikika pa maekala pafupifupi 400,000. Nyulu zimene anthu amatchula limodzi ndi maekalawa m'lamulomo munalibe. Asilikali anangobwereketsa zina zimene zinatopa ndi nkhondo.

Kachiwiri ndi pa 3 March 1865, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa ofesi yotchedwa Freedmen's Bureau pansi pa unduna wa zankhondo. Lamulo lake linati munthu abwereke maekala osapitirira 40 kwa zaka zitatu, lendi yake isapitirire 6 peresenti ya mtengo umene malowo anali nawo mu 1860, ndipo akafuna agule. Howard anaikidwa kukhala mkulu wa ofesiyi mu May, Abraham Lincoln ataphedwa kale. Anthu omasulidwa anali pafupifupi 4 miliyoni. M'manja mwa ofesiyi munali maekala opitirira 850,000, amene akanakwanira mabanja 20,000 ndi pang'ono basi. Chaka choyamba Nyumba ya Malamulo sinapereke ndalama, ndipo antchito ake ngakhale pamene anachuluka kwambiri sanapitirire 900 m'zigawo zonse za kummwera.

Mng'alu unali m'lamulo lenilenilo. Boma linalonjeza kugulitsa malowo ndi umwini wokhawo umene boma likanatha kupereka, pamene malo ambiri anali ongothawidwa ndi eni ake, osalandidwa kudzera m'khoti. Mapepala amene anthu analandira anali ongowalola kukhalapo. Pa 29 May pulezidenti watsopano, Andrew Johnson, analengeza chikhululukiro kwa oukira, chobweza katundu yense kupatula akapolo. Olemera oposa madola 20,000 ankayenera kupempha paokha, ndipo iye ankawakhululukira mwaunyinji. Howard anayesa kuthamanga: pa 28 July anatulutsa Circular 13 youza antchito ake kuti agawe malo msanga. Johnson anaiimitsa, ndipo mu September Circular 15, yolembedwa mofuna pulezidenti koma yotuluka m'dzina la Howard, inalamula kuti okhululukidwa abwezeredwe minda yawo.

Mu October 1865 Howard anatumidwa ku chilumba cha Edisto ku South Carolina kukauza anthu pamaso. Anadzaza tchalitchi, anthu amene anali atalima kale ndi kukolola pa malowo, ndipo atamva uthengawo anafuula kukana. Komiti yawo ya anthu atatu, Henry Bram, Ishmael Moultrie ndi Yates Sampson, inamulembera kalata yonena kuti akufuna malo awoawo monga analonjezedwa, ndipo kuti popanda malo adzakhalabe m'manja mwa anthu omwe ankawakwapula. Howard anawamvera chisoni, analembera akuluakulu ake ku Washington, anayesa kuchedwetsa zinthu mpaka Nyumba ya Malamulo ikumane. Koma udindo sanatule ndipo lamulo sanalikane. Rufus Saxton, womuthandiza amene ankakaniza kubweza malo, anachotsedwa mu January 1866, ndipo asilikali anayamba kutulutsa okana kusaina.

M'malo mwa minda kunabwera makontrakiti a chaka ndi chaka. Mwini munda ndi wantchito ankasaina pamaso pa wa ku ofesi, kawirikawiri mu January, malipiro ake ndalama kapena gawo la zokolola, limodzi mwa magawo atatu kapena theka. Pakabuka mkangano, m'madera ambiri munkakhala bwalo la anthu atatu: wa ku ofesi, woimira mwini munda ndi woimira antchito. Zinkasokonekera pa kuwerengera. Chakudya, zovala ndi mbewu wantchito ankatenga pa ngongole kwa mwini munda, buku la ngongole linali m'manja mwa mwini munda yemweyo, ndipo wantchito sankadziwa kuwerenga. Thonje litakanika mu 1866 ndi 1867, ambiri anamaliza chaka ali ndi ngongole m'malo mwa malipiro. Ku Mississippi lamulo la 1865 linkati munthu wakuda wopanda kalata ya ntchito mu January amangidwe ngati woyendayenda. Ophunzira anu amene makolo awo anakhalapo matenanti pa esiteti ya fodya sadzavutika kumvetsa kayendedwe kake.

Muwauzenso zimene zinatheka. Ofesiyi inagawa chakudya cha tsiku ndi tsiku maulendo opitirira 20 miliyoni, gawo lina kwa azungu osauka. Inatsegula zipatala zoposa 40, inalembetsa maukwati amene ukapolo sunkawazindikira, ndiponso inathandiza anthu kufufuza abale awo ogulitsidwa kutali. Ataona kuti za malo zakanika, Howard anaika mtima wake wonse pa sukulu. Kachitidwe kake kanali kogawana: ofesi inkapereka nyumba, matabwa, mayendedwe a aphunzitsi ndi chitetezo, mabungwe a mipingo monga American Missionary Association ankalipira aphunzitsi, ndipo makolo ankasonkha ndalama ndi kumanga. Popeza lamulo linkalola kulipira lendi, ofesi inkachita lendi nyumba za mabungwewo, iwo n'kutenga ndalamazo kulipirira aphunzitsi. Pofika 1870 ophunzira anali oposa 200,000. Fisk, Hampton ndi Atlanta University zinathandizidwa motero. Ku Nashville ofesiyi inathandiza kumanga nyumba za Central Tennessee College, ndipo nthambi yake ya zaudokotala, yotsegulidwa mu 1876, ndi imene inadzakhala Meharry Medical College kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza mu 1937.

Ndinawerenga kuti banki ya anthu omasulidwa inagwa ndi ndalama zawo. Kodi Howard ndiye anadya? — Wogwira ntchito ku banki, Blantyre

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Freedman's Savings Bank inavomerezedwa tsiku limodzi ndi ofesi ya Howard, koma inali kampani payokha yokhala ndi matrasti ake. Poyamba inkaloledwa kuika ndalama m'mabondi a boma okha. Mu 1870 lamulo linasinthidwa kuti izikongoza pa chikole cha malo ndi nyumba, akuluakulu ake anayamba kukongoza anzawo popanda chikole chokwanira, ndipo chuma chitagwedezeka mu 1873 bankiyo inatsekedwa mu 1874. Anthu oposa 60,000 anali ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 3 miliyoni mmenemo, ndipo ambiri sanabwezeredwe zonse. Howard sanali woyendetsa bankiyo. Mbali yake ndi yakuti iye ndi antchito ake ankailimbikitsa, anthu n'kumaganiza kuti boma likuiteteza pamene silinkatero.

Za ofesi yake anafufuzidwa kawiri. Mu 1870 phungu Fernando Wood anamuneneza kuti anapatutsira ndalama zambiri ku Howard University, ndiponso kuti nyumba zina zinamangidwa ndi njerwa za kampani imene iye anakhalapo ndi masheya. Mu 1874 bwalo la asilikali lotsogozedwa ndi Sherman linaunika ndalama zimene ofesiyi inkalipira asilikali akuda opuma, zimene zina sizinafike kwa eni ake. Maulendo onse awiri anapezeka wosalakwa. Ifenso sitikuona umboni woti anaba. Chimene chikuoneka n'chakuti ankakhulupirira anthu ake mopitirira, mabuku sankawayang'anitsitsa, ndipo ankasamutsa ndalama kuchoka ku thumba lina kupita ku lina akaona kuti cholinga n'chabwino. Inu a ku banki mukudziwa kuti pamenepo ndi pamene akuba amalowera, ngakhale bwana akhale woyera m'manja. Ofesiyo inatsekedwa mu 1872.

Munthu wopemphera, womenyera anthu akuda, anathamangitsa bwanji Chief Joseph ndi anthu ake? — Mbusa, Chipata

Abusa, funso lanu ndi lolemera, ndipo sitimuikira kumbuyo.

Mu 1872 Pulezidenti Ulysses Grant anamutuma ku Arizona. Howard analowa m'mapiri ndi anthu ochepa, motsogozedwa ndi Tom Jeffords, n'kupangana mtendere ndi Cochise, mfumu ya eni nthaka a mtundu wa Apache, kuti anthu ake akhale pa malo awo. Boma linathetsa malowo mu 1876, Cochise atamwalira.

Mu 1874 anapatsidwa chigawo cha kumpoto chakumadzulo. Kumeneko mtundu wa eni nthaka wa Nez Perce, umene Joseph anali mmodzi wa mafumu ake, unali ndi mapangano awiri ndi boma. La 1855 linawasiyira dziko lalikulu. La 1863, golide atapezeka, linadula pafupifupi magawo 9 mwa 10, ndipo mafumu ena, kuphatikizapo bambo ake a Joseph a ku chigwa cha Wallowa, sanasaine. Howard mwini analembapo kuti kulanda Joseph chigwacho n'kulakwitsa. Koma lamulo litabwera, pa msonkhano wa ku Fort Lapwai mu May 1877, anatsekera mkulu wina dzina lake Toohoolhoolzote chifukwa chomutsutsa, n'kupereka masiku 30 kuti onse asamuke. Masikuwo anali osakwanira kusonkhanitsa mahatchi ndi ng'ombe zobalalika, komanso mtsinje wa Snake unali utasefukira, moti ziweto zambiri zinatsala kapena kukokoloka. Anyamata ena okwiya anapha azungu m'mbali mwa mtsinje wa Salmon, nkhondo n'kuyamba. Pa 17 June ku White Bird Canyon asilikali 34 anaphedwa.

Anthu pafupifupi 750, ankhondo osapitirira 250, otsalawo amayi, ana ndi okalamba, anayenda makilomita oposa 1,800 kudutsa Idaho, Yellowstone ndi Montana. Howard ankatsalira masiku awiri kapena atatu chifukwa ankakoka mizinga ndi katundu, pamene iwo anali ndi mahatchi osinthira. Ku Camas Meadows anamulanda nyulu zonyamula katundu pafupifupi 150 usiku umodzi. Amene anawatsekera njira ndi Nelson Miles, ku mapiri a Bear Paw, makilomita pafupifupi 65 kuti afike ku Canada, ndipo Joseph anagonja pa 5 October 1877 Howard ali pomwepo. Anauzidwa kuti abwerera ku Idaho, koma Sherman, amene tsopano anali mkulu wa asilikali onse, anakana, ndipo anawatumiza ku Kansas kenako ku dera limene lero ndi Oklahoma, kumene ambiri anafa ndi malungo. Joseph anamwalira mu 1904 pa malo opatulira eni nthaka a Colville m'chigawo cha Washington, osaloledwa kukhalanso ku Wallowa.

Ku Edisto Howard anachedwetsako lamulo ndi kudandaula kwa akuluakulu ake. Ku Lapwai masiku 30 aja anawatchula yekha, ndipo pambuyo pake ankateteza zimene anachita. Chikhulupiriro chake chinkamuuza kuti eni nthaka adzapindula akasiya moyo wawo n'kukhala alimi achikhristu, ndipo maganizo amenewo anamuchititsa kuona kukana kwawo ngati mwano.

Ntchito ya boma anapitiriza. Anayang'anira West Point mu 1881 ndi 1882, anatsogolera zigawo zina za asilikali, n'kupuma mu 1894. Mu 1897 anathandiza kukhazikitsa Lincoln Memorial University ku Harrogate, Tennessee, ya ana a mabanja osauka a m'mapiri, ndipo ankaifunira ndalama mpaka pamene anamwalira ku Burlington, Vermont, pa 26 October 1909.